Sienta yanga yaphwanyika kutsogolo: wina akuti masiku 4, wina masabata 3. Ndimvere uti?

Mphunzitsi_waChibavi

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima.

Loweruka lapitali ndimachokera ku Mzimba kumaliro a azakhali anga, ndikuyendetsa ndekha Sienta yanga, ija yakale ya maso obulungira, yasiliva. Mu Chikangawa munali chifunga choti ngakhale boneti yako yomwe sukuiona bwino. Pa kona ina ndinangozindikira thiraki ya matabwa ili njo pamsewu, yafa, triangle palibe, angoponya tinthambi tiwiri ta paini kuseri kwa matayala. Ndinaponda buleki koma msewu unali wonyowa, ndinakaigunda kumbuyo ndi mbali yakumanzere. Mulungu ngwabwino, tonse atatu tinatuluka opanda bala, ma airbag sanaphulike.

Galimoto ndiye yapweteka. Bampa yang'ambika, nyali yakumanzere yatheratu, boneti yapindika pakati ngati denga la khola, fenda yakhwinyata, madzi a mu rediyeta onse anathera pamsewu. Chikundidabwitsa n'chitseko chakutsogolo kumanzere. Sichinagundidwe, koma potsegula chikumalira kuti khwee, chikukhula fenda.

Inshuwalansi yanga ndi third party basi, ndiye zonse zichokera m'thumba la mphunzitsi. Mnyamata wina kuno ku Chibavi, amagwirira pansi pa mtengo, wanena K750,000, masiku 4. Akuti ndigule nyali ndi rediyeta zokha, zina zonse awongola ndi gasi, ndipo ikatuluka sindidzaizindikira. Ndinapitanso ku galaja ina ku Luwinga. Kumeneko anandiuza K1,900,000, masabata 3, n'kuwonjezanso kuti mtengowo ukhoza kusintha akamasula. Kusintha bwanji poti galimoto aiona ndi maso awo? Kodi uku si kundikonzera msampha poona kuti ndine mzimayi? Panopa kusukulu ndikupita pa sakaramento, njinga ya kabaza ija, mvula yamawawayi ikundithera pamsana.

Madala_waNyundo

Pepani ndi ngozi, mayi. Chikangawa mwezi wa July sichiseka ndi munthu.

Ine ntchito yowongola magalimoto ndinaiyamba 1994, ndili kamnyamata kotumidwa kukagula kabaidi, ndipo mpaka lero zikhadabo zanga sizinayerepo. Awiriwo sindikuwadziwa, choncho sindinganene kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mngelo. Koma mawu amene akukwiyitsaniwo, akuti mtengo usintha akamasula, kwa ine ndi mawu a munthu amene ntchitoyi inamuwotchapo. Mmisiri amene amatchula mtengo womaliza atangozungulira galimoto manja ali m'thumba, akapeza zina m'kati amachita chimodzi mwa ziwiri: kukupemphani ndalama zina, kapena kuphimba osakuuzani. Ambiri amaphimba.

Sienta ilibe chesisi yapayokha ngati Hilux, yoti ungachotse thupi n'kutsala ndi makwerero achitsulo pansi. Thupi lomwelo ndiye chesisi. Kutsogolo kuli miyendo iwiri yachitsulo, ife timati ma chassis leg, yochokera kuseri kwa bampa kulowera pansi pa mapazi anu. Pamwamba pake, kuseri kwa fenda, palinso kachitsulo kena kopita ku nsanamira imene pamangidwa chitseko, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene pakhala mutu wa shock. Zonsezi anaziwotcherera pamodzi ku fakitale, ndipo anazipanga dala kuti zikagundidwa zizikhwinyata n'kumeza mphamvu ya ngozi isanafike kwa munthu. Kuti inu munatuluka opanda bala, galimotoyo inagwira ntchito yake. Tsono chitsulo chikasuntha kutsogolo, chimakankhanso anzake kumbuyo. Chitseko chanucho chikulira pa chifukwa chimodzi mwa ziwiri. Mwina fenda yokha ndi imene yabwerera m'mbuyo, zimene ndi nkhani ya mabawuti ochepa. Mwinanso kachitsulo kapamwamba kaja kakankhidwa. Ndi maso okha simungasiyanitse.

Pali kanthu kena kamene kakundipatsa chiyembekezo. Thiraki ndi yaitali, ndipo galimoto yaing'ono ikamamanga buleki mphuno imagwa pansi. Kawirikawiri imalowa kunsi kwa thirakiyo, nkhonya n'kufikira pa boneti ndi nyali, miyendo ija n'kupulumuka. Mwina n'chifukwa chake ma airbag anangokhala chete.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuvula galimoto. Bampa pansi, nyali pansi, fenda, boneti, rediyeta, condenser ya AC imene imakhala kutsogolo kwa rediyeta, zonse pambali. Kenako tepi. Timayeza mopingasa, kuchokera pa bowo la bawuti kumanzere kutsogolo kupita pa bowo la kumanja kumbuyo, n'kuyezanso mbali inayo, monga amachitira mmisiri wa nyumba pofuna kudziwa ngati maziko ali sikweya. Miyeso iwiriyo ikasiyana kupitirira mamilimita 3, galimoto yapotoka, ngakhale maso akukane. Magalaja okhala ndi jig amaimangirira galimoto pa benchi yachitsulo n'kuikoka ndi matcheni ndi jeke ya mafuta, pang'onopang'ono, kulowera kumene nkhonya inachokera. Kukoka pang'ono, kugogoda pa makwinya kuti chitsulo chimasuke, kumasula tcheni, kuyeza, kukokanso. Chitsulo chimabwerera pang'ono ukachisiya, ndiye umapitiriza dala kachidutswa. Tsiku lathunthu likhoza kuthera pa mamilimita 10 okha.

Musaganize kuti ndikunyoza ogwirira pansi pa mtengo. Inenso ndakokerapo magalimoto ambiri pa tsinde la bulugama ndi chain block, ena akuyendabe mpaka pano. Mtengo ulibe mlandu. Mlandu ndi kukoka osayeza.

Pamene mnyamatayo wandiopsa ndi pa gasi. Fenda ya Peugeot 504 kapena Land Rover yakale, zimene ife tinaphunzirirapo, zinali zina. Magalimoto a masiku ano m'malo onyamula mphamvu amaikamo chitsulo chopyapyala koma chokhwimitsidwa. Ukachiwotcha mpaka kufiira chimafewa, chimawongoka mosavuta, mmisiri n'kusekerera. Koma kukhwima kuja sikubwereranso. Tsiku lina mukadzagundanso pomwepo, chidzapindika ngati lata la chimbudzi. Komanso motowo umapsereza mankhwala oteteza dzimbiri m'kati mwa chitsulo, mmene burashi singafike, ndiye ndi chinyontho cha Mzuzu chino dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja. Lamulo limene abwana anga anandiphunzitsa ndi ili: chopindika mwauta chimawongoledwa chozizira, chopindika mwamsongo wakuthwa chimadulidwa n'kuikapo china. Ndipo asanayatse makina owotcherera, batire achotse kaye, apo ayi mudzalirira kompyuta ya injini.

Boneti yopindika pakatiyo musalole kuti aiwongole. Ili ndi zikopa ziwiri, chakunja ndi nthiti zam'kati, ndipo inapindikira pamalo amene anaikonzera kupindikira kuti isalowe pa galasi n'kukudulani khosi. Gulani ina yochotsa pa galimoto ina. Fenda ndiye tikhoza kukambirana. Mmisiri wodziwa amaika chitsulo chosalala kuseri, nyundo kunja, kugogoda mozungulira kuchokera m'mphepete mwa bampu kulowera pakati, dzanja likusisita, chifukwa chikhatho chimaona zimene diso silikuona. Fila amabwera pomaliza, kungotseka timabowo totsala ta nyundo, osapitirira mamilimita 3. Waulesi amadumpha nyundo n'kumata fila ngati akuzira nyumba.

Langizo langa ndi loti kulikonse mungapite, musapereke ndalama zonse kamodzi, ndipo munene poyambirira kuti mudzabwera kudzaiona ili maliseche, atamaliza kukoka ndi kuwotcherera koma asanapake kalikonse. Wokana zimenezo, tengani makiyi anu.

Probox_yaKaronga

Achemwali, mverani madalawa. Ine ndinaphunzira ndi thumba langa.

Probox yanga inagunda ng'ombe usiku kupitirira Ekwendeni. Ndinasankha wotchipa, dzina sinditchula, amadziwa yekha. Masiku 5 galimoto inatuluka ikuwala moti anzanga pa depoti ankati ndagula ina. Ndinamuonjezeranso ya fanta.

Patatha miyezi 2 ndinaona kuti chiwongolero chikukhala chopendekeka pamsewu wowongoka. Tayala lakumanja linadyeka m'kati mokha mpaka mawaya, kunja lili latsopano. Ndinapita kokonza alignment kawiri, kachitatu mnyamata wa pa makinawo anandiuza mosabisa kuti bwana, ma adjustment atha, vuto lili m'thupi. Ndiye tsiku lina ndikutsika Chiweta, nditamenya dzenje, ndinamva phwa. Kuima, ndikupeza chibanthu cha fila chagwa pa fenda, chochindikala ngati chigawo cha chinangwa. Kuseri kwake kunali ukonde wa waya, uja wa m'mawindo oteteza udzudzu, ndi dzimbiri lofiira.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'cha airbag. Yanga inaphulika pa ngoziyo. Iwo anangomata chivundikiro cha chiwongolero ndi guluu, m'kati mulibe kanthu, n'kuzimitsa kanyali ka pa dashibodi kuti kasandiuze. Ndinayenda miyezi 7 ndikunyamula ana a anthu. Ndinadziwira kwa wamagetsi wina amene anandifunsa kuti bwanji kanyali ka airbag sikayaka mukatembenuza kiyi. Kamayenera kuyaka masekondi pafupifupi 6 kenako n'kuzima kokha. Kosayaka n'komwe ndi koyaka osazima, konseko ndi matenda.

Panopa ndikamaona galimoto yogula ndimayenda ndi kamaginito ka pa sipika yakale, nditakakulunga m'kansalu. Pa chitsulo kamamata, pa fila wochindikala kamagwa.

Mlamu_waZolozolo

Koma abale tisaiwale kuti mayiwa anena kuti ndi aphunzitsi. K1,900,000 mukuitchula ngati ndi ya tomato. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa November 2023, chilichonse chochokera kunja, thina, sandipepa, clear (vanishi wowalitsa pamwamba pa penti), chinakwera mosaona nkhope, ndipo malipiro sanathamange nawo.

Komanso si onse a pansi pa mtengo amene ali ngati wa Probox uja. Ambiri mwa anyamata amenewa anaphunzirira m'magalaja omwewo a ku Luwinga, ena anadutsa ku Mzuzu Technical, anangosowa mpamba. Ku galaja yaikulu mukulipiranso lendi, mlonda ndi mpando wa abwana. Ndipo ndinaonapo galaja ya geti lokongola ikutulutsa ntchito ya manyazi.

Ine ndikanakhala inu ndikanaigawa ntchitoyi. Zoyeza ndi kukoka, lipirani amene ali ndi zida. Zipangizo gulani nokha, musatume. Ma Sienta amenewa adzaza tauni yonse ngati mataxi, ndiye zida zake sizisowa. Funsani ogwetsa magalimoto konkuno, yerekezani ndi ku Biwi ku Lilongwe, kapena wina wodalirika wopita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto akubweretsereni kudzera pa Songwe. Mukachita mwayi mupeza boneti ndi fenda zasiliva kale. Pa nyali onetsetsani timakutu tomangira, ambiri amagulitsa zothyoka atazimata. Ndipo tengani chassis number yanu, chifukwa Sienta yomweyo ili ndi nkhope zingapo, nyali ya ina sikhala pa inzake.

Funso langa ndi lakuti, apolisi anabwera? Lipoti lawo likuti wolakwa ndani? Third party yanu imalipira amene inu mwamuonongera, osati inu. Koma thirakinso ili ndi inshuwalansi yake. Nthawi zambiri wogunda kumbuyo ndi amene amamuloza chala, komabe thiraki yoima pa kona m'chifunga popanda chizindikiro ili ndi choyankha. Ngati lipoti lingakomere inu, musamasule bawuti ngakhale imodzi a inshuwalansiyo asanatumize munthu wawo kudzaiona. Jambulani zithunzi zambiri lero lomwe.

Sipuleya265

Madala anena za chitsulo, ine ndinenepo za penti poti ndi imene ndimadyera.

Masiku 4 mwezi uno, panja, ku Mzuzu? Ayi ndithu. Fila akauma timakwecha ndi sandipepa ya 80, kenako 180, kenako 320. Tikathira pulaima imafunika iume mpaka m'kati, chifukwa ikamauma imanyala. Ukaithamangira, galimoto imatuluka yosalala, koma pakatha mwezi mizere yonse ya sandipepa imaonekera pansi pa penti, ndi mkombero wa pamene panathera fila. Kuzizira kuno kumachedwetsa zonsezi. Ukapopera kunja kuli mawawa, clear amachita mbuu ngati maso a nsomba yogonetsa. Kompuresa nayo imatapa madzi mumpweya, usaikhetse m'mawa madziwo amatulukira pa gani yopopera n'kusiya timatuza. Opanda chipinda chopoperamo timadikira dzuwa la cha m'ma 10, kuthira madzi pansi kuti fumbi lisabuke, n'kupemphera kuti magetsi asathime tili pakati pa boneti.

Siliva ndiye mfiti ya mitundu yonse. Nambala ya penti ili pa kachikwangwani ka galimoto yanu, pa nsanamira ya chitseko kapena mu injini, pamene palembedwa C/TR. Ma Toyota ambiri asiliva ndi 1F7. Koma nambala ndi poyambira chabe, chifukwa galimoto yapsa ndi dzuwa zaka zoposa 10. Mu siliva muli tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo mmene tagonera zimadalira mphamvu ya mpweya ndi kutalika kwa dzanja la wopopera. Penti wa m'chitini chimodzi, anthu awiri, mitundu iwiri. N'chifukwa chake timayamba tapopera pa kachitsulo n'kukayerekeza padzuwa, ndipo sitilekezera pa mzere wa fenda. Timamwaza mtundu mopepuka kulowa pa chitseko, clear n'kuphimba chitseko chonse, kuti diso lisapeze malire. Mukaona pa quotation alemba kupenta chitseko chimene sichinagundidwe, si kuba.

Afunseninso ngati mowotcherera adzapakamo sealer ndi mankhwala a dzimbiri kuseri. Malo amenewo kasitomala sayang'anako, ndiye ndi oyamba kudumphidwa.

Ndipo anzanga opopera amene mukuwerenga, zija zoti ukamwa mkaka penti amatsukika m'chifuwa n'zabodza. Mkaka umapita m'mimba, penti wa 2K amene timapoperayu amapita m'mapapo. Gulani mask yeniyeni, osati kansalu.

Mphunzitsi_waChibavi

Yewo chomene nonse, mwanditsegula maso. Pepani ndinasowa masiku awiri, tinali ndi mayeso.

Alamu a ku Zolozolo, lipoti ndinakatenga. Akuti tonse tinalakwa, wathiraki posaika chizindikiro, ine pothamanga mopitirira mmene chifunga chimalolera. Ndilibe mphamvu zolimbana nazo, ndangovomera.

Dzulo ndinalipira a ku Luwinga K60,000 kuti angomasula ndi kuyeza, tinagwirizana kuti ndikapanda kukhutira ndiitenga. Ndinaima pomwepo ndi ambulera yanga. Madala, munalosera. Miyendo ija yasiyana ndi mamilimita 2 okha, ndinagwira nawo tepi ndekha. Koma kachitsulo kapamwamba kakumanzere kabwerera m'mbuyo mamilimita 14, ndipo chimango chogwira rediyeta chapindika mwamsongo, akuti adula aike china. Condenser yabooka. Anapezanso chimene palibe anachiganizira: pansi pa fenda yakumanja, imene sinagundidwe n'komwe, pali fila wakalekale. Ndiye kuti galimotoyi inagundidwapo ndisanaigule, ine ndinkangoti ndi namwali.

Boneti ndi nyali ndapeza kwa ogwetsa magalimoto, boneti yake ndi yoyera koma ilibe bampu. Ndi zida zogula ndekha mtengo watsika kufika K1,350,000, ndipereka katatu. AC ndati idikire kaye, ndi kuzizira kuno sindikuisowa. Mnyamata wa kwathu uja ndinamuuza mwaulemu, anangoseka n'kunena kuti mudzabwera ndi bampa ikadzakhulika. Mwina ndidzapitadi, pa zazing'ono.

Tsono tsiku lokaitenga ndikayang'ane chiyani? Ndikuopa kukangoona kuwala n'kuyamba kuvina.

Madala_waNyundo

Mwachita bwino kugwira tepi nokha, mayi. Pa AC, auzeni atseke mapaipi otsegukawo kuti musalowe chinyontho ndi fumbi, apo ayi October akadzafika mudzagula zambiri kuposa condenser.

Mukapite masana, dzuwa lili pamutu, osati madzulo pamene aliyense akuthamangira kwawo, ndipo galimoto ikhale youma. Yonyowa iliyonse imaoneka yatsopano, n'chifukwa chake ena amaitsuka mukangolowa pa geti. Imani chapatali kutsogolo, muone ngati nyali ziwirizo zili pa msinkhu umodzi. Kenako yendetsani chala mu mpata wa pakati pa boneti ndi fenda, kumanzere ndi kumanja. Mpata ukhale wofanana kuyambira ku galasi mpaka ku nyali, osati kotakata uku, kothina uko. Gwadani muyang'ane m'mbali mwa galimoto motsatira kuwala, mafunde a fila amaonekera pamenepo. Boneti itsekeke ndi kuigwetsa kamodzi, ndipo mukaikoka m'mwamba isagwedere. Ndinaonapo boneti ikutseguka galimoto ili pa liwiro, sindifuna kudzaonanso.

Tsegulani injini, muone ngati mawaya abwerera m'timabowo take kapena angowamanga ndi waya wa khola. Siyani injini ilire mpaka fani ya rediyeta izungulire n'kuima yokha, muyang'ane pansi ngati sipakudontha. Pepala la alignment akupatseni m'manja. Mukatero mutenge mmisiriyo akwere nanu, mulowe M1 cha ku Dunduzu, pamalo owongoka mufewetse manja pa chiwongolero muone ngati ikuthawira mbali, mumangenso buleki mwamphamvu kamodzi kumbuyo kulibe munthu.

Pobwerera mutsike, muzungulire, mutsegule chitseko chija katatu. Chikangoti khwee ngakhale pang'ono, gawo lachitatu la ndalama libwerere nanu ku Chibavi.